Mawu a m'mawa: Chipsera cha pachipumi

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Kuno ku Ngabu 6 koloko sinakwane koma thukuta layamba kale. Tiwerenge Nyimbo ya Solomo 1:5-6, kenako Yohane 20:24-28.

Sabata yatha mwana wa achimwene anga anabwera ndi chithunzi chimene anajambulitsa pa situdiyo ina ku Nchalo. Anawapeza agogo ake pakhonde akupeta mapira, n'kuwapatsa. Agogowo anachigwirira patali, kenako pafupi, kenako anafunsa kuti, "Mtsikana ameneyu ndi mwana wa yani?" Tonse tinafa nacho chiseko, koma iwo sanaseke. Wojambulayo anali atamuyeretsa nkhope, atamuchepetsa mphuno, ndipo chipsera cha pachipumi atachifufutiratu. Chipsera chimenecho chinabwera mu Malichi 2023, lata litamucheka usiku umene ankathawa madzi a namondwe wa Freddy. Agogo anabweza chithunzicho n'kunena kuti, "Iwe ndimakudziwira pa chipsera. Uyu sindikumudziwa."

Mwanayo sindikumudzudzula ayi. Akanaganiza chiyani? Ukakwera basi pa Thabwa n'kumaliza mapiri aja, zikwangwani za mu Blantyre zimakulonjera ndi nkhope zosalala ngati dzira. Pabotolo la mafuta odzola, pakalendala ya m'golosale, pa Facebook, ndi nkhope zomwezo. Chimene satiuza n'chakuti munthu uja amayamba wapakidwa zodzoladzola, amamuunikira magetsi amphamvu, amamujambula kambirimbiri n'kusankhapo chithunzi chimodzi. Chimodzicho chimalowanso pa kompyuta. Kuchokera mu 1990 pamene Photoshop, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera zithunzi, inayamba kugulitsidwa, kuchotsa ziphuphu, kuphwetsa mimba, kutalikitsa khosi ndi kuwalitsa khungu ndi ntchito ya mphindi zochepa. Mwiniwake wa nkhopeyo akadzuka m'mawa saoneka choncho. N'chifukwa chake ku France kuyambira mu Okutobala 2017 lamulo limati chithunzi chotsatsa malonda chimene thupi la munthu alionetsa lowonda kapena lonenepa kusiyana ndi mmene lilili, alembepo kuti chakonzedwa. Norway nayo inayamba kutsatira lamulo lotere mu 2022. Ife kuno palibe amatilembera, ndipo masiku ano foni ya m'manja imachita yokha zimenezi.

Wamalonda si wopusa. Amadziwa kuti munthu wokhutira ndi nkhope yake sagula. Ndiye amayamba wakudwalitsa mumtima, mankhwala n'kukugulitsa pambuyo. Mankhwalawo timawaona pa tsiku la msika, timabotolo ta mafuta oyeretsa khungu. Ena mwa mafutawa amakhala ndi mankhwala amphamvu monga hydroquinone, ena steroid, ena mercury amene amawononga impso. Khungu limapyapyala, masaya amafiira, zala n'kutsala zakuda m'mfundo. Ndiye khungu lotero mulitengere ku dzuwa la mu Novembala la kuno kuchigwa!

Tsono tamverani mtsikana wa mu Nyimbo ya Solomo. Akuuza ana aakazi a ku Yerusalemu, atsikana a m'tauni, kuti iye ndi wakuda ndiponso wokongola. Akufotokozanso chimene chinamudetsa: dzuwa, chifukwa alongo ake anamuika kuti azilondera minda ya mpesa. Ine ndikawerenga pamenepa ndimaona mtsikana wa kwathu konkuno, wothyola thonje, wopita kudimba m'mbali mwa Shire, wosenza ndowa kuchokera pa mjigo masanasana. Sakudikira kuti wina amuuze kuti ndi wokongola. Akunena yekha, ndipo mawu akewo analowa m'Baibulo mmene anawanenera.

Apa ndilankhuleko ndi akuluakulu anzanga. Vutoli sitingalikankhire ku zikwangwani zokha. Ndife tomwe timati mwana akabadwa, "Eee, woyera bwino ngati mzungu!" Ndife timanong'onezana pa chinkhoswe kuti mnyamata wapeza mkazi woyera, ngati kuti wapeza ng'ombe ya mkaka. Mwana wakuda amene wakhala pambali amamva zonsezo, ndipo amazisunga.

Musandimve molakwa. Kusamba, kudzola, kumanga tsitsi ndi kuvala chitenje chabwino si tchimo. Ambuye Yesu anati ngakhale posala kudya tidzole mafuta kumutu ndi kusamba kumaso (Mateyu 6:17). Dzolani ndithu, kutentha kwa kuno kumang'amba zidendene.

Koma chimene chandisowetsa tulo ndi Tomasi. Yesu anauka ndi thupi loti ankaima pakati pa ophunzira zitseko zili chitsekere. Mulungu amene anamuukitsa sakanalephera kusalaza manja aja ndi kutseka nthiti ija. Anazisiya. Ndipo Tomasi atakana kukhulupirira, Yesu sanamuonetse nkhope yowala. Anamuonetsa mabala a misomali, n'kumuuza kuti abwere ndi chala chake. Pamenepo m'pamene Tomasi anamutcha Ambuye wake ndi Mulungu wake. Anamudziwa mmene agogo aja amamudziwira mdzukulu wawo.

Mwana uja anadandaula kuti, "Azakhali, ndiye ndalama yanga yapita pachabe?" Ndinalibe choyankha. Ndinangomuimika pansi pa mtengo wa masawu n'kumujambula ndi foni yanga yakaleyi, chipsera chili poyera. Agogo ake anayang'ana kamodzi kokha n'kuti, "Eya, uyu ndiye wanga."

Tipemphere. Atate, Inu amene munatiumba m'mimba mwa amayi athu, yang'anani ana athu amene akuchita manyazi ndi khungu limene munawapatsa. Mutikhululukire ife makolo pa mawu amene tinalankhula mwana wakuda akumva. Chiritsani amene mafuta aja awawononga kale. Musunge onse amene akupita kumunda, kudimba, ku mizimbe ndi kusukulu pa dzuwa la lero. M'dzina la Yesu, amene adakali ndi zipsera m'manja. Ameni.