Makalata a omvera: kodi sukulu yasanduka chipatala?

Takulandiraninso nonse amene mwatchera khutu. Sabata yatha tinafunsa kuti nkhani za umoyo m'masukulu a sekondale zikuyenda bwanji masiku ano, nde mwalemba ndithu, ena pa foni ena pa pepala. Mayina sititchula monga mwa nthawi zonse. Tiyambe ndi bambo awa amene zikuoneka kuti alemba atakwiya.

"Inu a pawailesi, mwana wanga wamkazi wa zaka 14 wangoyamba kumene sekondale wabwera ndi kapepala akuti ndisaine abayidwe katemera wa khansa. Khansa yake iti poti mwana sakudwala? Anthu akuti katemerayu ndi wotseka mimba asadzabereke. Komanso akumawaphunzitsa za kugonana mkalasi, ife nthawi yathu kunalibe zimenezi tinkangojambula mtima ndi mapapo mu bayoloje basi. Kodi sukulu yasanduka chipatala?"

Bambo zikomo kwambiri, ndipo mwachita bwino kufunsa musanasaine komanso musanang'ambe kapepalako. Katemera ameneyu ndi woteteza ku kachilombo kotchedwa HPV komwe kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero. Kachilomboka kamafala pogonana, nde katemerayu amagwira bwino ntchito munthu asanakumane nako, nchifukwa chake bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati abayidwe atsikana a zaka 9 mpaka 14. Munthu sadikira adwale kaye ayi. Katemerayu anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2006, ku Australia anayamba kubaya m'masukulu mu 2007, ku England mu 2008, ndipo kafukufuku yemwe anatuluka mu 2021 anapeza kuti ku England khansa imeneyi inatsika ndi 87 peresenti pakati pa amene anapatsidwa mwayi wa katemera ali ndi zaka 12 kapena 13. Zoti amatseka mimba palibe umboni wake bambo, atsikana oyambirira aja pano ndi azimayi ali ndi ana awo. Chimene chili ndi umboni ndi imfa, mu 2022 mokha khansayi inapha amayi pafupifupi 350,000 pa dziko lonse.

Nanga bwanji kusukulu osati kuchipatala? Mwana wa zaka 14 ali bwinobwino sapita yekha kuchipatala, nde azaumoyo amapita komwe anawo ali kale.

Za maphunziro mukunenazo, mantha anu ndikuwamva, makolo ambiri amaganiza kuti ukamuuza mwana ndiye kuti wamutuma akayese. Koma a UNESCO, bungwe loona za maphunziro pa dziko lonse, atasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana, m'malangizo awo a 2009 omwe anawakonzanso mu 2018, anapeza kuti maphunziro oterewa akaphunzitsidwa bwino sachititsa ana kuyamba msanga zogonana, m'malo ambiri amachedwetsa kumene. Mawu ofunika apa ndi oti akaphunzitsidwa bwino. Inu pitani kusukuluko mukapemphe kuona buku lomwe akugwiritsa ntchito, ndi ufulu wanu umenewo, mukaone ngati zikugwirizana ndi msinkhu wa mwana. Koma musadzinamize kuti mphunzitsi akakhala chete mwanayo sakumva, foni ili m'thumba mwa mnzake ikuphunzitsa kale ndipo siyipempha siginecha yanu.

Kalata yachiwiri ndi ya mtsikana wa fomu 3.

"Ankolo, kusukulu kwathu anapachika chikwangwani chachikulu cholembedwa kuti sukulu yosamala umoyo koma toileti ya atsikana ilibe chitseko, madzi amatuluka mwa apo ndi apo, ndikakhala kumwezi ndimangokhala kunyumba masiku awiri olo atatu, aphunzitsi amati ndine waulesi."

Mwana wanga siwe waulesi, vuto lili pa chitsekopo. Chikwangwani chimenecho chili ndi komwe chinachokera, a WHO anayambitsa ganizo la sukulu zolimbikitsa umoyo mu 1995, ndipo mu 2021 iwo ndi a UNESCO anatulutsa miyezo 8 yoti sukulu yotere izikwaniritsa, ndipo malo enieniwo a pasukulu ali m'gulu la miyezoyo, kutanthauza madzi, zimbudzi, ukhondo. Kusintha kwakukulu kwa zaka zimenezi ndi komweku, kale umoyo unali mutu wa m'buku woti uloweze ulembe mayeso, pano akuti sukulu yonse ikhale yaumoyo. Koma penti ndi yotchipa kusiyana ndi pulambala, nde zikwangwani zimafika msanga.

Mayiko ena anachita kuika m'malamulo. Kenya mu 2017 inakhazikitsa lamulo loti atsikana a m'sukulu za boma azilandira ma padi ulele, Scotland inavomereza lamulo lake mu 2020 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2022. Iwe usadikire lamulo, pezanani atsikana angapo mupite kwa mphunzitsi wamkazi amene mumamukhulupirira, nkhaniyi ikafike ku komiti ya makolo ndi aphunzitsi. Mukapempha musanene kuti tikufuna ukhondo, mawu amenewo amangogwedezera mutu. Nenani kuti chitseko, loko wa mkati, ndowa ya madzi ndi potayira ma padi.

Tsopano iyi ndiwerenga pang'onopang'ono chifukwa yandikhudza.

"Ndine mphunzitsi wa masamu. Pa miting'i ya aphunzitsi ahedi anangondiloza kuti kuyambira lero inu ndi a uphungu chifukwa ndondomeko ikufuna kuti pasukulu pakhale munthu wotere. Maphunziro ake sindinachitepo, chipinda palibe, ana amandipeza pakhonde anzawo akudutsa. Tsiku lina mnyamata wina wanzeru zake amene magiredi ake angotsika anandiuza kuti sir moyo ndatopa nawo, ine ndinangoti limba mtima ndiwe mwamuna. Usiku sindinagone. Kodi ndinalakwa? Ndipange bwanji?"

Aphunzitsi, choyamba mawa lomwe mupezeni mnyamatayo, musadikire abwerenso yekha. Mukhale naye poduka mphepo, mumuuze kuti mawu aja munawamva ndipo simunawaiwale, kenako mumufunse molunjika ngati akuganiza zodzipha. Ambiri amaopa funso limeneli eti mwina umupatsa nzeru yoipa, koma akatswiri a za maganizo amati kufunsa sikudzala ganizolo mwa munthu, kumangomupatsa mpata wolankhula. Akavomera musamusiye yekha ndipo musamulonjeze kuti zithera pa awiri, muuzeni kuti mukufuna kuitana munthu wina wamkulu amene iye akumukhulupirira komanso azachipatala. Apo ntchito yanu ndi kumufikitsa kwa odziwa, si kuchiza ayi.

Mawu oti ndiwe mwamuna aja, tonse tinakula tikuwamva nde amangotuluka okha pakamwa, sindikuweruzani. Koma ndi mawu amene amatseka anyamata pakamwa, ndipo mnyamata akatseka pakamwa aphunzitsi amangoona zotsatira, kujomba, ndewu, mowa, nkumalemba mu rejista kuti wamwano.

Nkhani ya thanzi la m'maganizo ndi imene yakwera kwambiri m'ndondomeko za masukulu zaka zapitazi makamaka Covid-19 itatsekera ana kunyumba mu 2020. A WHO amati mwa achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, m'modzi ali ndi vuto la m'maganizo monga nkhawa yopitirira muyezo kapena kukhumudwa kosatha. Werengani ana mkalasi mwanu mugawe ndi 7, ndinu a masamu inu. Nde mayiko ambiri alemba kuti sukulu ikhale ndi mlangizi, zabwino, koma chimene chakuchitikirani chikuchitika m'malo ambiri, amapereka udindo osapereka nthawi, maphunziro kapena chipinda, lipoti likapita kumtunda amachonga kuti mlangizi alipo. Ine apa ndimakwiya nazo kunena zoona. Munthu ali ndi mapiriyodi odzaza sabata yonse, makope akudikira kuchonga, ndiye muzimutumiziranso ana osweka mtima pa buleki ya mphindi zochepa?

Bwererani kwa ahedi ndi pempho lolemba. Akuchotsereni mapiriyodi angapo, akupatseni kachipinda olo ka sitolo ya mabuku bola kotsekeka, akutumizeni ku maphunziro, komanso pakhale dzina ndi nambala ya wazaumoyo amene muzitumizako ana. Akakana zonsezi auzeni mwaulemu kuti ndiye pasukulupo mlangizi palibe, asalembe dzina lanu. Ndipo inunso mukhale ndi munthu womuuza, zimenezi zimalemera.

Pali kauthenga ka mayi ena kakafupi, akufunsa ngati ndi zoona kuti kwina mtsikana akatenga mimba amabwerera kusukulu. Zoona mayi, ndipo mphepo ikuwombera komweko. Sierra Leone inachotsa chiletso chake mu 2020, Tanzania inalengeza mu 2021 kuti amene abereka akhoza kubwerera. Chovuta chimatsala ndi kusekedwa mkalasi komanso womusiyira khanda.

Yomaliza yachokera kwa mnyamata wa fomu 4, walemba mosekesa koma ili ndi mfundo.

"Bigi, pa taimutebulo pali masewera koma chaka chino mpira sitinaugwireko, piriyodi imeneyo amabwera ndi a fizikisi akuti mayeso ayandikira. Chikhalirecho anyamata akusuta vepu kuseri kwa labu akuti si fodya ndi nthunzi chabe kkkk."

Aise, auze anzakowo kuti nthunzi ya vepu, fodya wamagetsi uja, nthawi zambiri imakhala ndi nikotini yemweyo wa mu ndudu, ndipo ubongo wa wachinyamata umakodwa naye msanga, fungo la zipatso lija ndi nyambo chabe. Malamulo a sukulu ambiri analembedwa vepu isanabwere nde pano akuthamangira kuwakonza, ku UK mpaka analetsa kugulitsa ma vepu ogwiritsa ntchito nkutaya kuyambira pa 1 June 2025. Za masewerazo a fizikisi akulakwitsa. A WHO amati wa msinkhu wako azichita zolimbitsa thupi zosachepera mphindi 60 pa tsiku, ndipo kafukufuku wawo wa 2019 anapeza kuti 81 peresenti ya ana a sukulu a zaka 11 mpaka 17 safika pamenepo, atsikana ndiye kwambiri. Munthu wothamangako amagona bwino ndipo mkalasi mutu umagwira, nde piriyodi imeneyo ikuthandiza fizikisi yomweyo. Tumani mapulifekiti akakambe ndi ahedi, osati kukuwiza mphunzitsi mkalasi, mungathere ku chibalo.

Nthawi yatithera, makalata a zakudya zogulitsidwa pasukulu ndi a mafoni mkalasi tiwerenga sabata ya mawa. Aphunzitsi a masamu aja mutilemberenso mutiuze mmene zayendera ndi mnyamatayo.