Mawu a M'mawa: Moredekai anamutenga kukhala mwana wake

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku, Epworth ndi konse kumene uthengawu wafika. Tiwerenge Estere 2:7. Hadasa, amene timamudziwa kuti Estere, analibe bambo kapena mayi, ndipo Moredekai anamutenga kukhala mwana wake. Malemba sachita manyazi ndi nkhaniyi. Mose analeredwa ndi mwana wamkazi wa Farao, Yosefe analera Yesu amene sanamubereke, ndipo pa Aefeso 1:5 Paulo akuti ifenso Mulungu anachita kutilandira kukhala ana ake mwa Khristu.

Lero tikulankhula ndi inu amene mwakhala zaka m'banja popanda mphatso ya mwana. Mawu oti chumba kapena gojo amabaya, makamaka akatuluka pakamwa pa apongozi. Dziwani kuti simuli nokha: mu 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu akuluakulu 6 alionse amakumana ndi vuto la kusabereka pa moyo wake. Chaka chikatha mukukhalira pamodzi popanda pathupi, pitani kuchipatala nonse awiri. Vuto limatha kukhala kwa mayi, monga kutsekeka kwa machubu kapena zotupa za m'chiberekero, limathanso kukhala kwa bambo, mbewu zikakhala zochepa kapena zofooka. Abambo, musamangotumiza mayi okha. Ndipo zolowetsa fisi m'nyumba zisiyeni, zimenezo zimabweretsa matenda ndi mabala a mumtima.

Koma pali khomo lina limene ambiri amaliopa: kutenga mwana mwalamulo kuti akhale wanu mpaka kalekale. Sikugonja kumeneko, ndipo sikutanthauza kuti chikhulupiriro chatha. Masalimo 68 akuti Mulungu ndi atate wa ana amasiye, ndipo amapatsa banja anthu amene ali okha. Banja limenelo likhoza kukhala lanu.

Kuno ku Zimbabwe nkhaniyi imayendetsedwa ndi lamulo la Children's Act, ndipo poyambira ndi ku ofesi ya boma ya Social Development ya m'dera lanu, imene ambiri timaitchulabe kuti Social Welfare. Nyumba zosungira ana monga Matthew Rusike ku Epworth kapena Chinyaradzo ku Highfield sizingakupatseni mwana pa chipata ayi. Amene amakupatsani umwini ndi khoti la ana, majisitireti atawerenga lipoti la wogwira ntchito wa boma. Konzani zitupa zanu, setifiketi ya ukwati, umboni wa ndalama zimene mumapeza, kalata ya dokotala ndi kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe milandu. A boma adzabwera kunyumba kudzaona pogona mwana, adzakufunsani nonse awiri, ndipo ngati mmodzi akungokokedwa amazindikira msanga. Kawirikawiri wopempha ayenera kukhala ndi zaka 25 kapena kuposerapo, komanso apose mwanayo ndi zaka 21. Makolo a mwana ngati alipo ayenera kuvomereza. A boma safuna kuti mukhale olemera. Akufuna nyumba ya mtendere, chifukwa gawo 81 la malamulo aakulu a dziko lino limaika ubwino wa mwana patsogolo pa zofuna za akuluakulu.

Ife amene makolo athu anachokera ku Malawi tili ndi chinthu china choyamba kukonza. Ambiri tikadali ndi chitupa chakale chotilemba kuti ndife alendo, pamene njira yotengera mwana kwa munthu amene si nzika imakhala yaitali. Malamulo aakulu a 2013 anavomereza kuti munthu wobadwira kuno malamulowo asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la m'bungwe la maiko a kumwera kwa Africa la SADC, monga Malawi, ndipo iye mwini ankakhala kuno pamene malamulowo anayamba, ndi nzika. Pitani ku ofesi ya Registrar General mukakonzetse chitupa musanayambe china chilichonse.

Njirayi imachedwa, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Munthu akakuuzani kuti muli ndi madola angati ndikupezereni khanda, thawani. Kugula mwana ndi mlandu waukulu, chimodzimodzinso kukalembetsa mwana wa wina ngati munabereka nokha. Ena amamanga nsalu pamimba miyezi ingapo, nkupita kumudzi, nkubwera ndi khanda. Chinsinsi chotere sichikhalitsa, ndipo chikaululika wovulala kwambiri ndi mwana.

Palinso amene amangotenga mwana wa mchemwali kapena wa mlongo wawo popanda pepala lililonse. Mtima wake ndi wabwino, ndipo ndi mmene takhala tikulelerana kuyambira kale. Koma taonani zimene zimachitika. Mwana afika Giredi 7, sukulu ifuna setifiketi ya kubadwa, palibe. Bambo amwalira, pa tsiku logawa katundu munthu wina aimirira nkunena kuti uyu si wa magazi athu, mwana nkutulutsidwa m'nyumba imene anakuliramo atanyamula chikwama chimodzi. Khoti likapereka chilolezo, dzina la mwana limalembedwa m'kaundula wa boma, ndipo pa cholowa amaima mofanana ndi mwana wobereka. Pepalalo limamuteteza tsiku limene inu simudzakhalapo kuti mumulankhulire.

Achibale adzafunsa kuti mfunda wake ndani, ndi Phiri kapena Banda? Anansi athu Achishona adzafunsa za mutupo, umene ndi mfunda kwa iwo, ena adzakuopsezani ndi zimene iwo amati ngozi, ndiye kuti mzimu wobwezera. Musawanyoze, mantha awo ndi enieni kwa iwo. Khalani pansi ndi amalume, eni mbumba ndi abusa mwana asanafike, osati atafika kale. Koma musalole mantha kulamula. Mwana wosiyidwa sanalakwire munthu, ndipo Aroma 8:15 akuti sitinalandire mzimu wa ukapolo woti tiziopanso.

Zinthu ziwiri tikupemphani ndi mtima wonse. Musatenge mwana ngati mankhwala otsegulira mimba, chifukwa Mulungu akadzakupatsani wina wobereka, woyambayo amasanduka wantchito wa pakhomo. Ndiponso muuzeni zoona akadali wamng'ono, pang'onopang'ono monga mwa msinkhu wake, asadzazimve kwa anthu pa mjigo. Mwana wochokera ku nyumba yosungira ana akhoza kubisa buledi pansi pa pilo, kukodza pogona kapena kukana kunyamulidwa. Si mwano umenewo. Akuyesa ngati inunso mudzamusiya. Mupatseni chakudya pa nthawi yake, asamalidwe ndi anthu omwewo tsiku ndi tsiku, ndipo ndodo ikhale kutali.

Tipemphere. Atate, tonthozani mabanja amene akulira mwakachetechete m'mawa uno. Patsani nzeru ogwira ntchito za ana ndi oweruza milandu. Amene ayamba kale ulendo wa mapepala apatseni chipiriro, ndipo fewetsani mitima ya abale awo. M'dzina la Yesu, Amen.