Khansa ya chiwindi yopezeka mochedwa: manambala a ku Joni tiwawerenge bwanji?

[Pa sikirini: mapu a Gauteng, kenako chithunzi cha chiwindi ndi ndulu]

Abale ndi alongo a ku Rosettenville, Mayfair, Yeoville, Diepsloot ndi konse kumene mukutionera, takulandirani. Nkhani ya lero ndi khansa ya chiwindi ndi ya njira za ndulu.

Bungwe la IARC, nthambi ya WHO yoona za khansa, linapeza kuti mu 2022 anthu pafupifupi 866,000 padziko lonse anapezeka ndi khansa ya chiwindi, ndipo pafupifupi 758,000 anamwalira nayo. Taonani kuyandikana kwa manambala awiriwa. Chiwindi ndi chiwalo chopirira: mbali imodzi ikawonongeka, yotsalayo imagwirabe ntchito, ndipo mkati mwake simumva kuwawa. Chotupa chimakula mwakachetechete. Pamene munthu akumva kuwawa pansi pa nthiti kumanja, mimba yatupa ndi madzi, thupi likutha, nthawi zambiri matenda afika kale patali.

[Pa sikirini: 0, A, B, C, D]

Kodi madokotala akamati "mochedwa" amatanthauza chiyani? Ambiri amatsata ndondomeko ya BCLC, yochokera ku Barcelona. Imaona zinthu zitatu: chotupacho, mphamvu ya chiwindi chotsalacho, ndi mphamvu za wodwalayo. Pa 0 ndi A, chotupa chikhoza kudulidwa, kuotchedwa ndi singano, kapena munthu kuikidwa chiwindi china, monga amachitira ku Wits Donald Gordon ku Parktown. Kuti aikidwe china, malire odziwika ndi chotupa chimodzi chosaposa masentimita 5, kapena zotupa zosaposa zitatu, chilichonse chosaposa masentimita 3. Pa B zotupa zachuluka koma zikadali m'chiwindi. Pa C khansa yalowa mumtsempha waukulu wa magazi kapena yafalikira kwina, monga m'mapapo. Mankhwala onga sorafenib amangochedwetsa. Pa D chotsala ndi kuthetsa ululu ndi morphine ndi kupopa madzi m'mimba.

Tsopano manambala. Mukaona lipoti, dzifunseni kaye: akunena za anthu angati pa 100,000 aliwonse pachaka, kapena za gawo la odwala amene anafika mochedwa? Ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chipatala chachikulu monga Chris Hani Baragwanath kapena Charlotte Maxeke chimalandira odwala otumizidwa kuchokera kutali, ambiri atafooka kale. Manambala ake sakukuuzani za Soweto yekha kapena Hillbrow yekha.

Chachiwiri ndi ichi, ndipo n'chimene ambiri sachidziwa. Kaundula wa khansa wa dziko lino, National Cancer Registry wa ku Sandringham, anayamba mu 1986 powerenga zotsatira za mulabotale, ndiye kuti kanyama kodulidwa pachotupa n'kuunikidwa. Koma khansa ya chiwindi nthawi zambiri imatsimikizika popanda kudula kanyama. Sikani ya CT kapena MRI ikaonetsa mmene chotupa chikukokera mankhwala ounikira n'kuwataya msanga, dokotala amadziwa. Wodwala wa pa D, magazi ake sakuundana bwino, palibe amene angamubaye singano pachiwindi kuti angodzaza kaundula. Mwaona vuto lake? Odwala ofika mochedwa kwambiri ndi amene amasowa m'manambala otere. N'chifukwa chake mu 2011 boma linalamula kuti khansa iliyonse izilembedwa, ndipo mu 2017 ku Ekurhuleni kunayamba kaundula wowerenga odwala a dera lonse, kaya anadulidwa kanyama kaya ayi.

Kwa ife a ku Malawi palinso china. Munthu akadwalika, achibale amasonkha ndalama n'kumukweza basi ku Park Station kuti akadwazikidwe kumudzi. Kuno sanalembedwe, kwawonso mwina sakafika n'komwe ku Queens kapena ku Kamuzu Central. Nambala yochepa isakunamizeni kuti matendawa ndi osowa.

[Pa sikirini: timachubu tochokera m'chiwindi kupita m'matumbo]

Malipoti ambiri amaphatikiza khansa ya chiwindi ndi ya njira za ndulu za mkati mwa chiwindi pansi pa chizindikiro chimodzi, C22. Ya njira za kunja amaiika payokha. Khansa ya njira za ndulu ikatseka kachubu kakakulu imadziulula ndi chikasu: maso achikasu, mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, chimbudzi chotuwa, thupi kuyabwa usiku wonse. Madokotala amatsegula njirayo poika kachubu kudzera pakamwa, chikasu n'kutsika, koma chotupa chikadalipo. Khansa yoyambira m'bere kapena m'matumbo n'kudzafika kuchiwindi siiwerengedwa m'gulu ili.

Gwero lalikulu la khansa ya chiwindi kuno kum'mwera kwa Africa ndi kachilombo ka hepatitis B. Pulofesa Michael Kew wa ku Wits anatha zaka zambiri akufufuza zimenezi muno mu Johannesburg, ndipo anaonetsa kuti kuno khansayi imagwira anthu akadali ndi mphamvu, amuna koposa akazi. Ambiri amakatenga ali ana. Khanda likatenga pobadwa, mwa khumi aliwonse pafupifupi asanu ndi anayi amakhala nako moyo wonse osadziwa. Katemera wa ana anayamba mu 1995 ku South Africa, ndi mu 2002 ku Malawi. Amalume, azakhali, ngati munabadwira ku Mangochi kapena ku Mzimba chisanafike chaka cha 2002, katemerayu anakuphonyani.

Onjezeranipo chuku. Mtedza ndi chimanga zosungidwa ponyowa zimachita nkhungu yotulutsa poizoni wa aflatoxin, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa. Chuku chikakumana ndi hepatitis B, chiopsezo chimakwera kwambiri. Thumba la mtedza likafika kuchokera kumudzi, sankhani: wofota, wosintha mtundu, wowawa, tayani, musausinje nsinjiro kapena chiponde. Mowa wambiri, hepatitis C, shuga ndi mafuta a m'chiwindi nazonso zimaumitsa chiwindi ndi zipsera.

[Pa sikirini: HBsAg]

Kukliniki pemphani kuyezedwa magazi kwa HBsAg, koona ngati muli ndi hepatitis B, tchulani dzina lakelo. Ngati mulibe kachilomboka, funsani za katemera. Ngati muli nako, ayezedwenso akunyumba kwanu ndi ana, ndipo mupemphe kalata yokutumizani kuchipatala. Kumeneko adzaona ngati mukufunika tenofovir, mankhwala opondereza kachilomboka, komanso ngati muyenera kuunikidwa chiwindi ndi sikani ya ultrasound pamodzi ndi magazi a AFP, chinthu cha m'magazi chimene chimakwera pakakhala chotupa m'chiwindi, miyezi 6 iliyonse. Miyezi 6, osati chaka, chifukwa chotupa chimatha kuwirikiza kukula kwake m'miyezi yochepa. AFP payokha siikwanira. Zotupa zina siziikweza.

Inu amene mumamwa ma ARV a TLD, muli tenofovir ndi lamivudine, zimene zimapondereza hepatitis B. Mukawasiya mwadzidzidzi kachilomboka kamadzuka mwaukali, ndipo chiwindi chikhoza kulephera. Mukamapita kumudzi pa Khirisimasi, werengerani mapiritsi okwanira ulendo wonse, n'kuwonjezera ena a masiku amene basi ingachedwe pa Beitbridge kapena pa Mwanza.