Galu wouwa njinga zamoto: siyani chikwapu, tengani usipa

[Chithunzi: Msewu wafumbi kuseri kwa msika wa Chitakale, m'mawa. Phiri la Mulanje laphimbidwa ndi nkhungu. Wakabaza akudutsa pa njinga yamoto. Galu wofiirira womangidwa pa mtengo wa mapeyala akudumpha ndi kuuwa mpaka unyolo kumubweza chagada.]

WOFOTOKOZA: Mwamuona? Ameneyu ndi Mudzalapa, galu wa amalume anga kuno ku Chitakale. Za dzinalo musandifunse. Anamutcha ndi akazi awo a amalume, ndipo amene ankauzidwa kuti adzalapa akudzidziwa okha.

Izi tinajambula mu Meyi. Nthawi imeneyo njinga yamoto ikangomveka, ngakhale ili kutali, galuyu ankasokonezeka mutu. Amalume ankatuluka ndi kamtengo, kumukwapula kawiri katatu, iye n'kukhala chete. Njinga ina ikabwera, zomwezo. Ndiye werengani nokha, pa msewu uwu akabaza amadutsa kangati pa tsiku.

Anthu apa ankati galuyu ndi wolusa. Tibwezeko kanemayu pang'onopang'ono, muone zomwe ine ndinaona.

[Chithunzi: Kanema yemweyo akuyenda pang'onopang'ono, kuyambira njinga isanaoneke.]

Onani makutu, agonera kumbuyo. Onani mchira, waulowetsa pakati pa miyendo. Akunyambita mphuno pomwe sanadye kanthu. Apa wayasamula, koma si tulo. Wayang'ana kumbali, choyera cha m'diso chikuonekera. Ndiye taonani ichi: asanadumphe, wayamba wabwerera m'mbuyo, kufuna kukabisala kuseri kwa mtengo. Unyolo wamuletsa. Pothawira palibe, chatsala n'kuuwa basi.

Galu wochita zimenezi ali ndi mantha. Ndipo kuuwako kumamuyendera bwino, m'maganizo mwake. Njinga yabwera, iye wauwa, njinga yapita. Sadziwa kuti wakabazayo amapita ku Likhubula ndi pasinjala wake. Iye amaona ngati waithamangitsa yekha. Tsiku lililonse amatsimikiza kuti kuuwa n'kumene kumamupulumutsa.

Tsono ikanipo chikwapu pamenepo. Njinga yabwera, kenako ululu pamsana. Mawa njinga ikamveka, akuopa zinthu ziwiri, njinga ndi amalume.

[Chithunzi: Wofotokoza wakhala pa khonde, m'manja muli kambale ka usipa.]

Kuti mumvetse zomwe tinachita, tipite kaye ku Russia. Kunali katswiri wina dzina lake Ivan Pavlov, yemwe analandira mphotho ya Nobel mu 1904 chifukwa cha kafukufuku wa mmene chakudya chimagayidwira m'mimba. Ankagwiritsa ntchito agalu. Anazindikira kuti agaluwo ankayamba kuchucha dovu chakudya chisanafike, akangoona kapena kumva munthu amene amawadyetsa. Atayesa kuliza kaphokoso kenakake nthawi zonse asanawapatse chakudya, agalu aja anayamba kuchucha dovu ndi kaphokosoko kokha.

Inunso mumachita zomwezo. Mukamva mthiko ukugunda m'poto cha m'ma 12 koloko, m'mimba mumayamba kulira musanaione nsima. Simunaganize kuti tiyeni timve njala, thupi langochita lokha.

Mantha amalowanso chimodzimodzi, ndipo angathe kutuluka pa khomo lomwelo. Ngati njinga yamoto ikutanthauza chikwapu, thupi la galu limakonzekera nkhondo. Ngati njinga yamoto iyamba kutanthauza usipa, tsiku ndi tsiku, osaphonya, thupi limayamba kuyembekezera usipa. Ntchito yonse yagona pamenepo.

[Chithunzi: Amalume akhala pa mpando wa ndalema, apinda manja.]

AMALUME: Iwe, galu ndi mlonda. Ukamamunyengerera ndi usipa ngati mwana, akuba akabwera adzawagwedezera mchira. Galu amafunika adziwe kuti bwana ndani.

WOFOTOKOZA: Amalume, ndikufunseni. Usiku wathawu anauwa kangati?

AMALUME: Aaa, ameneyo amauwa usiku wonse.

WOFOTOKOZA: Inu munatuluka kangati kukaona?

AMALUME: Ndituluke chifukwa chiyani? Amangouwa zilizonse.

[Chithunzi: Wofotokoza akuyang'ana kamera.]

Mwamva nokha. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, koma galu wamantha amauwira pachabe, mpaka eni nyumba amasiya kumumvera. Tsiku lomwe wakuba adzabweredi, palibe adzadzuke. Mlonda wabwino ndi galu wodekha, amene akauwa inu mumadziwa kuti kunja kuli kanthu.

Nkhani ya "adziwe bwana ndani" nayonso ili ndi pomwe inachokera. Mu 1947 katswiri wina wa ku Switzerland, Rudolph Schenkel, analemba za mimbulu, nyama zakutchire za mtundu wa agalu, yotsekeredwa m'malo osungira nyama, yomwe inkalimbirana ukulu. Anthu anatengera zimenezo kwa agalu. Koma David Mech wa ku America, amene poyamba anathandiza kufalitsa maganizo omwewo, atakhala nthawi yaitali akuona mimbulu yakutchire analemba mu 1999 kuti gulu la mimbulu kwenikweni ndi banja: tate, mayi ndi ana awo. Ya Schenkel ija inkamenyana chifukwa inali yosadziwana, yotsekeredwa pamodzi mokakamiza. Ndiye kumugwetsa galu chagada n'kumupanikiza pakhosi kuti akudziweni, mukungomuphunzitsa kuti manja anu ndi oopsa.

Pomwepa ndinenenso za zija timamva, zomuthirira galu tsabola m'chakudya, kumupatsa chamba, kapena kumutsekera m'kakhola kamdima tsiku lonse kuti aluse. Amalusadi, koma sasankha woluma. Kawirikawiri wolumidwa amakhala mwana wa pakhomo pomwepo.

[Chithunzi: Wofotokoza ndi Mudzalapa kuseri kwa nyumba, pafupi ndi dimba. Galu ali pa chingwe chachitali.]

Tisanayambe chilichonse, tinamutengera kwa alangizi a ziweto. Izi musadumphe. Galu amene akumva ululu, kaya ndi dzino, khutu, kapena chilonda cha unyolo pakhosi, amapsa mtima msanga, ndipo usipa sungachize dzino. Komanso galu amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi, dzulo anali bwinobwino lero akuluma chilichonse, akutuluka dovu, akulephera kumeza, ameneyo si wophunzitsa ayi. Mutalikireni, anthu asamuyandikire, itanani a zaziweto, chifukwa chingathe kukhala chiwewe. Munthu akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro, munthu sapulumuka. Mudzalapa anabayidwa katemera wake, ndipo pakhosi anamupeza ndi chilonda chomwe ubweya unabisa.

Kenako tinamuchotsa pa mtengo wa mapeyala uja. Uku ndiye kunali kukangana kwakukulu ndi amalume, kuposa nkhani ya usipa. Koma galu amene akuopsezedwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo sangaphunzire kanthu. Mantha akamugwira, thupi lake limadzaza ndi timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, ndipo sititha nthawi yomweyo njinga ikadutsa. Ina ikabwera, imamupeza asanatsike mtima. Tinamusamutsira kuseri, komwe msewu sauona, ndipo kwa sabata yathunthu sitinamuphunzitse chilichonse. Kudya, kugona, kuyenda naye m'mbali mwa munda wa tiyi m'mamawa akununkhiza zomwe akufuna. Kununkhiza kumamukhazika mtima pansi galu, musamamukoke akaima pa chitsamba.

Tsopano nayi ntchito yeniyeni, ndipo apa mumvetsere bwino chifukwa ambiri amalakwitsa pomwepa.

[Chithunzi: Bwalo la mpira. Kutali, mnyamata wakhala pa njinga yamoto yozimitsa.]

Tinapempha mnzanga wakabaza kuti atithandize, tinkamulipira ya mafuta. Iye anaima mbali ina ya bwalo, ife mbali ina. Chofunika n'kupeza mtunda umene galu akuiona njinga koma sanayambe kusokonezeka. Muudziwa bwanji? Mupatseni usipa. Akadya bwinobwino, muli pabwino. Akaukana, kapena akautsomphola mwaukali mpaka kukukandani zala ndi mano, mwayandikira kwambiri, bwererani m'mbuyo. Kwa Mudzalapa, tsiku loyamba, mtundawo unali bwalo lonse lathunthu, njinga ili yozimitsa.

Onani mmene zikuyendera. Mudzalapa wayang'ana njinga. Ine ndikuti "eya!" n'kumupatsa kausipa kamodzi. Wayang'ananso, "eya!", kena. Mnzanga uja akukankhira njinga kuseri kwa kalasi, yabisika, usipa watha, dzanja ndabweza m'thumba. Yatulukanso, usipa wayambanso.

Njinga iyambe, usipa utsatire. Osati usipa uyambe. Mukamatulutsa usipa njinga isanaoneke, galu aphunzira kuti usipa ndi chenjezo loti choopsa chikubwera, ndipo mudzadabwa akuyamba kuthawa chakudya. Ine ndinalakwitsa zimenezi masiku awiri oyamba, chifukwa ndinkachita mantha ine mwini, dzanja linkathamangira m'thumba njinga isanatulukire n'komwe. Chachiwiri, musachedwe. Pakati pa kuyang'ana ndi "eya" pasadutse sekondi imodzi kapena ziwiri. Mawu akuti "eya" ndi ongomuuza kuti chimene wachita pompano ndi chimene chabweretsa usipa. Mukhoza kusankha mawu ena, bola akhale omwewo nthawi zonse.

Mphindi 5 zakwana. Kenako kunyumba.

[Chithunzi: Tsiku lina, pa bwalo lomwelo. Njinga ikulira. Galu akuyang'ana njinga, kenako akutembenukira kwa wofotokoza, mchira ukugwedezeka.]

Apa ndi tsiku la 9. Taonani mutuwo. Wayang'ana njinga, ndipo ndisananene kanthu watembenuka kundiyang'ana ine, ngati akuti, "Njinga ija yabwera, usipa wanga uli kuti?" Kutembenuka kumeneku n'kumene mukudikira. Mukakuona kangapo motsatizana, mukhoza kuyandikira mapazi atatu kapena anayi. Kapena mtunda ukhale womwewo koma alize injini. Chimodzi pa nthawi imodzi, osati zonse pamodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukafulumira, akuuzani yekha. Ife sabata yachitatu tinanyada, tinamuuza mnzathu uja kuti adutse pafupi, Mudzalapa anadumpha n'kuuwa ngati kale. Sindinamukalipire. Ndinangotembenuka naye, kuchokapo, mawa lake tinayambiranso patali.

Za chakudyacho: chikhale chimene sachipeza tsiku lililonse. Mkute wa nsima sungapikisane ndi njinga yamoto. Usipa, bonya, matemba, tizidutswa ta chiwindi cha nkhuku chophika, ting'onoting'ono ngati njere ya chimanga. Nsomba ikakhala ya mchere wambiri, iviikeni kaye m'madzi. Anzathu a ku Thyolo, kumene kuli minda ya makadamiya, mtedza umenewo musamupatse galu, umamufooketsa miyendo ndi kumusanzitsa. Anyezi, chokoleti ndi mafupa a nkhuku ophika, nazonso ayi.

[Chithunzi: Kamtsikana kakuyandikira galu akudya. Galu waima nji, akulira chapakhosi. Wofotokoza akukabweza kamtsikanako.]

Ichi ndiye ndikupemphani ndi mtima wonse. Galu akalira chapakhosi, kaja ka "grrr", musamumenye. Pamenepo akukuuzani kuti, "Sindili bwino, nditalikireni." Mukamumenya chifukwa cha kulirako, mantha sachoka, chimachoka ndi chenjezo lokha. Ndiye mudzamva anthu akuti galu uja wangoluma osachenjeza. Anachenjeza kambirimbiri, munamuletsa ndinu. Akalira, chotsanipo mwanayo kapena mlendoyo, kenako dzifunseni kuti chamuopsa n'chiyani. Ndipo ana muwauze: galu akamadya, akagona, kapena akakhala ndi ana ake, samuyandikira. Osamukumbatira, osamugenda.

Mlendo akabwera pakhomo, musamuuze kuti "mupatseni dzanja anunkhize". Galu wamantha amayandikira chifukwa cha chakudya, akafika pafupi n'kuzindikira kuti wafika pa munthu amene amamuopa, pamenepo ndi pomwe amaluma. Mlendo aime chambali, asamuyang'ane m'maso, aponye usipa kumbuyo kwa galuyo, kuti podya azitalikira.

Amene muli ndi tiana tagalu, mwayi ndi wanu. Kuyambira masabata atatu mpaka cha m'ma 12 chibadwire, kagalu kamazolowera msanga zinthu zatsopano. Kaonetseni njinga, ana, mbuzi, munthu wovala chipewa, munthu wosenza mtolo wa nkhuni, zonse modekha, muli ndi kachakudya m'manja. Ntchito imene yatitengera miyezi itatu, inu muimaliza musanadziwe n'komwe.

[Chithunzi: Ogasiti. Kutsogolo kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala. Mudzalapa wagona pa thumba, alibe unyolo. Njinga yamoto ikudutsa. Wadzutsa mutu, wayang'ana amalume.]

Apa ndi sabata yatha. Sindikunamizani kuti zonse zatha. Njinga ziwiri zikadutsa mothamanga motsatizana amadzukabe n'kuuwa, ndipo mabingu a mvula yoyamba sitinawayese, tidzaona mu Novembala. Galu amene analumapo kale munthu mpaka kutulutsa magazi, musalimbane naye nokha potengera vidiyoyi, funani dokotala wa ziweto akuthandizeni.

Koma taonani dzanja la amalume likupita kuti.

[Chithunzi: Amalume akutulutsa kausipa m'thumba la malaya, akumuponyera galu.]

AMALUME: Eya! Iwe, zimitsa chimenecho. Ndipo usipa wa sabata ino ugule ndiwe, wakwera mtengo ku Chitakale.