Diresi la koseti: zimene zabisika mkati mwake, ndi mmene mungasankhire loyenera mwambo wanu

Moni nonse amene mukutionera. Mukapita ku ukwati kapena ku kitchen party muno mu Lusaka masiku ano, n'zovuta kuti mubwerere kunyumba musanaone diresi logwira thupi kuyambira pachifuwa mpaka m'chiuno, lomangidwa ndi zingwe kumsana. Limeneli ndi diresi la koseti, ndipo lero tikufuna tiliyang'ane mkati, chifukwa kukongola kwake kumachokera ku zimene telala wabisa pansi pa nsalu.

Koseti inayamba kuvalidwa kwambiri ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, ndipo kwa zaka mazana angapo inali chovala chamkati. Ankailimbitsa ndi timizere tochokera m'kamwa mwa namgumi, timene timafewa pang'ono tikamva kutentha kwa thupi n'kutengera maonekedwe a mwini wake. Koseti ya m'zaka za m'ma 1700 inali yowongoka kutsogolo, yotakata pachifuwa ndi yochepa m'chiuno, ndipo kawirikawiri inkakhala ndi malamba apamapewa. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 chiuno cha diresi chinakwezedwa kufika pansi pa mabere, motero makoseti ambiri anafupika n'kusiya mimba yomasuka.

Maonekedwe amene akwatibwi ambiri amawafuna lero, a chiuno chocheperatu pakati pa chifuwa ndi matako, ndi a nthawi ya Mfumukazi Victoria ya ku Britain. Chimene chinathandiza ndi kachinthu kakang'ono kwambiri: m'zaka za m'ma 1820 anayamba kuika timphete tachitsulo m'mabowo a zingwe, ndipo kuyambira pamenepo munthu ankatha kukoka zingwe mwamphamvu popanda kung'amba nsalu. Mfumukazi yomweyi ndi imene inatchukitsa diresi loyera la ukwati pamene inakwatiwa mu 1840. Cha m'ma 1900 kunabwera koseti ina yokankhira chifuwa kutsogolo ndi matako kumbuyo, imene m'kuona kwathu ndi yongoyenera pazithunzi basi. Kenako koseti inazilala, mpaka katswiri wa mafashoni wa ku France, Christian Dior, anabwezeretsa chiuno chothina mu 1947, ndipo katswiri wina wa ku Britain, Vivienne Westwood, anaitulutsira kunja kosetiyo mu 1987 kuti ikhale chovala choonekera.

Tsopano tiyeni titembenuze diresi la koseti kuti tione mkati mwake. Chitenge chimene mwagula ku msika wa Kamwala, ngakhale chikhale chokongola bwanji, sichingapirire kukokedwa chokha, ndipo chimodzimodzinso satini kapena lesi. Pansi pake pamafunika nsalu yolimba yosatamuka, ndipo m'nsalu imeneyi ndi mmene amasokera tinjira tolowetsamo zolimbitsira. Zolimbitsira zabwino ndi zachitsulo, ndipo zilipo za mitundu iwiri. Zopota zimapindikira mbali zonse, choncho zimaikidwa m'mbali ndi pamene thupi lakhota. Zaphwatalala zimaikidwa kumsana, mbali zonse ziwiri za mabowo, kuti msana usachite makwinya pomanga. Zapulasitiki n'zotsika mtengo ndipo zimakwanira pa diresi longofuna kuimirira bwino, koma zikatenthedwa ndi thupi zimapindika pachiuno n'kukhala choncho, ndiye mapeto ake zimayamba kubaya. Musachite manyazi kufunsa telala wanu kuti aikamo ziti, ndipo ngati n'kotheka akuonetseni asanazitsekere.

Pali nkhani imene zithunzi za pa intaneti sizingakuuzeni. Mkwatibwi wa kuno sangoimirira n'kumwetulira. Pa kitchen party amagwada, amawerama pamaso pa apongozi ndi alangizi, amakhala pansi nthawi yaitali, kenako amayembekezereka kuvina ndi chiuno. Koseti yaitali yofika pamatako imaoneka bwino kwambiri munthu akaimirira, koma akangogwada m'munsi mwake mumakanikiza ntchafu ndipo pamwamba pake pamakwera kukhosi. Pa mwambo wotere ndi bwino kusankha koseti yothera pachiuno penipeni, kapena kutengera diresi la chiuno chokwera la m'ma 1800 lija, limenenso limakomera mayi woyembekezera. Koseti yaitali muisungire ukwati wa kutchalitchi kapena phwando la madzulo, kumene nthawi yambiri mudzakhala muli chiimire kapena mukuyenda.

Ganiziraninso nyengo. Akazi akale sankavala koseti pakhungu, koma ankayamba avala malaya opepuka amkati kuti thukuta lisalowe m'koseti, popeza koseti sinkachapidwa kawirikawiri. Ngati mwambo wanu uli mu Okutobala, pamene dzuwa la Lusaka limaswa mtengo, pemphani kuti mkati mwa diresi muikidwe nsalu yathonje, chifukwa poliyesitala imasunga thukuta ndipo imatha kusupula khungu m'khwapa.

Telala wodziwa ntchito yake amayeza pachifuwa, pansi pa mabere, m'chiuno, pamatako, komanso kutalika kuchokera m'chiuno kupita m'mwamba ndi m'munsi, ndipo amayamba wasoka koseti yoyeserera ndi nsalu yotchipa asanadule chitenge chanu. Pokayesa, valani nsapato zimene mudzavale tsikulo, ndipo mukhale pampando, mugwade, mukweze manja ndi kupuma mozama muli momwemo m'shopu.

Pomanga zingwe, womanga ayambe kuchokera pamwamba kutsikira m'chiuno, kenako kuchokera pansi kukwerera m'chiuno, n'kumangira mfundo pamenepo. Mpata wotsala kumsana ukhale wofanana kuchokera pamwamba mpaka pansi, pafupifupi masentimita 5, ndipo kuseri kwake kukhale kansalu kophimba khungu. Asamange zonse nthawi imodzi: amange pang'ono, mudikire mphindi zingapo kuti thupi lizolowere, ndiyeno awonjezere. Mukamva dzanzi m'miyendo, chizungulire kapena kubanika, zingwezo zimasulidwe nthawi yomweyo, n'chifukwa chake munthu amene wakumangani ayenera kukhala pafupi nanu mpaka mwambo utatha.