Uthenga wochokera ku Leeds: za makobidi a agogo aja

Atsibweni, ndi ine. Mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndangotumiza mawu osaimba, ndangoweruka kumene ndipo ndili pa siteji ya basi, mukamva mphepo musadabwe, kuno kwazizira zoti zala zikukanika kugwira foni. Mumuitane mlongo wangayo mumvere limodzi, asadzanamizire kuti netiweki inavuta. Nkhaniyi ndi yake.

Makobidi akale a agogo aja ndinawaika pa okushoni ya eBay, msika wa pa intaneti, agulidwa, koma wagula ndi iyeyo, ali pakhonde panupo. Mapaundi 39. Ndadzuka m'mawa kuti ndione amene wapambana, ndikupeza akaunti yatsopano, yopanda mbiri, adiresi yake Kasungu. Ndinangoti kakasi. Iwe, linki ija ndinatumiza kuti muzingoonerera mtengo ukukwera, musangalale, osati ulowemo. Ndiye akuti amafuna kundithandiza kukankha mtengo. Wandikankhiradi.

Ndifotokoze bwinobwino, chifukwa inu mwazolowera okushoni ya ku Chinkhoma, pamene ogula amayenda pa mzere wa mabelo, aliyense kuonetsa mtengo wake, zonse zili poyera. Pa eBay zimayenda mwina. Munthu amalemba ndalama yomaliza imene angalolere kulipira, ndipo ndalamayo imabisika, ngakhale ine wogulitsa sindiiona. Kompyuta ndiyo imamupikisanira, kumangowonjezera pang'onopang'ono wina akabwera. Choncho wopambana salipira zonse zimene analemba, amalipira kungopitirira pang'ono pa munthu wachiwiri. Mtengo umapangidwa ndi wachiwiriyo, atsibweni, mfundo yonse yagona pamenepo.

Tsono panali munthu weniweni, wosunga ndalama zakale, amene anali patsogolo pa mapaundi 16. Mwana wanuyu analemba 20, kompyuta n'kuyankha 21. Analemba 25, yayankha 26. Iye kumaona ngati akulimbana ndi mzungu watcheru usiku wonse, chonsecho mwinatu munthuyo ali mtulo. 30, kenako 35, kenako wamva kukoma, 40. Wadutsa malire a munthu uja, amene tsopano ndaona kuti anali 38. Basi katundu wagwera iye pa 39. Alipira ndi chiyani? Njinga yakabaza ija mpaka pano ilibe tcheni.

Ndikudziwa zimene mukuganiza, atsibweni, ndimakudziwani. Mukuti akanalekeza pa 35 bwenzi tadya 36 m'malo mwa 16. Eya, n'zoona, koma mapaundi 20 apamwambawo tikanachita kumuba munthu. Sizikusiyana ndi kubisa fodya wachabechabe pakati pa belo, wabwino n'kuika pamwamba. Inu nomwe munkakalipira anyamata pa jeke chifukwa cha zimenezo, mumati belo limodzi likagwidwa dzina lonse laipa. Kuno azungu amati shill bidding, ndipo lamulo la eBay limanena mosabisa kuti wachibale, mnzako, wokhala naye nyumba imodzi kapena wantchito wako asapikisane nawo pa katundu wako pofuna kukweza mtengo. Akaunti amatseka. Ndiponso si za eBay zokha, boma la kuno limaletsa. Mu 2010 bambo wina kuno ku England anafika kukhoti chifukwa chodzikwezera mitengo ndi akaunti yachiwiri, anamulipiritsa chindapusa. Ine mapepala anga okhalira kuno ndimawasamala ngati dzira, ndiye ndikalowe m'mavuto chifukwa cha makobidi obooka?

Akaunti imeneyi ndayilera zaka, palibe anadandaulapo olo mmodzi. Ndi yomwe ndimagulitsirapo majekete ndi nsapato, ndipo malata a khitchini ya amayi anatuluka mmenemo, iwe usaiwale. Kunena za amayi, mwendo uja wachepako kutupa? Anapita ku chipatala kapena akungomanga nsalu? Mundiuze zoona, osati zija mumanena kuti ali bwino chonsecho akutsimphina.

Ndinali pati... eya. Chimene ndichite n'chakuti ndisiye masiku 4 adutse osalipira, ndithetse malondawo, ndipo chilema chipite pa akaunti yakeyo. Pali njira ina imene amati Second Chance Offer, yoti ndimupatse munthu wachiwiri uja mwayi wogula pa mtengo wake wa 38. Sindichita. Imeneyo ndiyo njira yeniyeni imene akuba amadzera: mnzawo amakankha mpaka kudutsa, salipira, kenako wogulitsa amabwera mwaulemu kuti pepani woyamba wathawa, tengani inu pa mtengo wanu wapamwamba. Munthu wodziwa akangoona zotero, akaona akaunti yatsopano ya ku Malawi yapikisana pa ndalama za ku Nyasaland zogulitsidwa ndi Mmalawi, sachita kufunsa kwa sing'anga. Ndidzaikanso patapita nthawi, ndipo linki simudzaiona.

Ine zimenezi zinandichitikirapo, n'chifukwa chake ndapsa mtima chonchi. Chaka chatha ndinkafuna sitampa ya Nyasaland, ija ya mfumu George VI yokhala ndi nyalugwe ataima pamwala. Ndinachita changu, ndinalemba malire anga mapaundi 30 kudakali masiku asanu. Kunabwera wina, dzina lobisika monga amachitira, chilembo chimodzi, tinyenyezi, chilembo china, pambali pake ziro, kusonyeza kuti alibe mbiri iliyonse. Amangojompha, paundi imodzi, paundi imodzi, mpaka anandidutsa. Patapita kanthawi anabweza mtengo wakewo, akuti analakwitsa polemba. Koma apo anali ataona kale pamene ine ndalekezera. Mawa lake kunatulukira winanso wa ziro, n'kudzaima pa 29 ndendende. Ndinagula, koma mtima unali kuwawa. Umboni wogwirika ndinalibe, mwinanso anali munthu wamantha chabe ngati mlongo wangayu, sindinganene. Koma nditayang'ana katundu wina wa wogulitsa yemweyo, zilembo zomwezo zinali paliponse, pa mbale, pa wotchi, pa masitampa, nthawi zonse kukhala wachiwiri. Ndani amafuna zonse koma osapambana olo kamodzi?

Kuyambira pamenepo sindionetsanso dzanja msanga. Ndimayamba ndayang'ana zimene zinagulidwa kale, pali pamene umasankha kuti uone zogulitsidwa zokhazokha, osati mitengo imene anthu amangolota. Ndikadziwa mtengo wake, ndimalemba malire papepala, ndi tindalama tapamwamba, monga 23.57, chifukwa ambiri amalekezera pa 20 kapena 23, ndipo mukafanana amapambana ndi amene anayamba. Kenako ndimadikira. Okushoni ya pa eBay imatha pa nthawi yake, saonjezera mphindi ayi, ndiye ndimaponya kamodzi kutatsala masekondi ochepa. N'zololedwa zimenezo. Wokankha mtengo sapeza mpata wondijompha. Ndikaluza, ndaluza, wina anafunitsitsa kuposa ine, ndimapita kukaphika nsima. Ufa wake wa kuno, atsibweni, eee, ngati choko. Winawake akamabwera munditumizireko ufa woyera ndi mfutso, ndi mtedza wa chalimbana pang'ono. Ndamva kuti mwana wa aneba athu aja a kuseri kwa chigayo akubwera mwezi wa mawa, koma akuti ukwati wake wagwedezeka, ndiye kaya abweradi. Musanene kuti ndanena ine.

China, ndisanaiwale. Mphekesera zija zoti khobidi lobooka ndi mamiliyoni, zichotseni m'mutu. Makobidi a njovu ziwiri aja, ndi ang'onoang'ono a nyamalikiti, ndi a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Anapangidwa ochuluka zedi, ankayenda maiko atatu, ndipo kuno azungu amene ankagwira ntchito kwathuko anabwera nawo m'zitini ngati chathu chomwecho. N'chifukwa chake ndinawaika pamodzi onse 12 ndi matiki aja. Amene akubwera kumudzi n'kumati ndipatseni kaye ndalama yoyezera makobidi, muthamangitseni ndi mtengo wa m'gafa.

Zimene ndikuziyembekezera pang'ono ndi za 1964 zija za nkhope ya Kamuzu: sikisi ya tambala, sheleni ya chimanga, ya masheleni awiri ya njovu, ndi hafukolauni. Zinayenda zaka zochepa kwacha isanabwere mu 1971, ndipo za agogozo zikuoneka kuti sizinayende m'manja kwambiri. Zikakhala zonse zinayi pamodzi zimakopa. Zimenezo ndidzayambira pa mtengo umene ine ndakhutira nawo, kuti ngakhale abwere munthu mmodzi yekha tisalire. Ndiyo njira yake yoyenera, iwe, ngati ukuopa kuti katundu apita motchipa: umakweza poyambira, aliyense akuona. Ndidzatchera kuti idzathe Lamlungu madzulo anthu ali m'nyumba, kwanuko idzakhala itapitirira ndi maola awiri, nonse mutagona, zimenenso zandisangalatsa.

Koma mayo, zotsala m'chitinimo! Atsibweni, chonde, wina asazitsuke. Pa chithunzi chija munatumiza ndaona ziwiri zikunyezimira modabwitsa, ndipo ndikukayikira apongozi anu ndi phulusa lawo lija. Phulusa, mandimu, mchenga, sitiliwulu, zonsezo ayi. Osunga ndalama zakale amafuna kuda komweko, akayang'ana pa galasi n'kuona mikwingwirima ya kukwecha mtengo umagweratu. Muzikulunge chimodzichimodzi m'pepala louma, muike m'sutikesi mwanu, osati kudenga kumene munazipeza, mvula yayandikira. Mapepala a ndalama aja musawasite, musawapinde, alowetseni pakati pa Baibulo.

Ndipo sikisi imodzi ya tambala ija isagulitsidwe. Agogo ankandionetsa ndili mwana tikukazinga chimanga, amati ndi yoyamba imene analandira dziko litangokhala Malawi. Kaya zinali zoona kaya ankangondisangalatsa, imeneyo ndi yanga, ndidzaitenga ndekha.

Iwe mlongo wanga, usalembere aliyense uthenga pa akaunti imeneyo, usayese kufotokoza, usatsegulenso ina m'dzina la mkazi wako, amaona. Ingoisiya. Ndipo mnzako wa ku Johannesburg amene anakuphunzitsa nzeru imeneyi umuuze kuti ndamupatsa moni.

Basi yanga ija yafika. Atsibweni, mundiyankhe za mwendo wa amayi usiku womwe uno, ndikhala maso mpaka 11 koloko ya kuno.