Kuchotsa mimba ku Malawi: lamulo likuti chani kwenikweni?

Muli bwanji nonse, lero tili pa Mchinji boma ndipo nkhani yathu ndi ija anthu timangonong'onezana, yochotsa mimba.

Tiyambe ndi lamulo. Penal Code yathu, ya nthawi ya atsamunda ija ya 1930, imati wochotsa mimba ya mnzake atha kukakhala kundende zaka 14, mayi wochotsa yekha zaka 7, wopereka mankhwala kapena zida zaka 3. Ndi ma sekishoni 149, 150 ndi 151 amenewo. Mu Penal Code imeneyi mpata ulipo umodzi basi, sekishoni 243, pomwe dokotala akupulumutsa moyo wa mayi.

Koma tangodutsani pa boda ya Mwami apa kulowa Chipata, ku Zambia lamulo lawo la 1972 limalola pa zifukwa zingapo bola madokotala atatu asayine. Ku Mozambique kuyambira 2014 amalola mpaka masabata 12.

Kunoko Law Commission, bungwe lowunika malamulo, inatulutsa bilu mu 2015 yoti aziloleza ngati mayi wagwiriridwa, ngati mimba ndi ya pachibale, ngati thanzi lake lili pachiswe kapena mwana ali ndi vuto lalikulu loti sangakhale moyo. Mu Disembala 2016 Akatolika ndi a Evangelical Association of Malawi anachita zionetsero kukana, akuti moyo umayamba pomwe mayi waima. Mu 2021 a Matthews Ngwale, omwe anali phungu, anaitengera biluyo ku Nyumba ya Malamulo, aphungu anakana ngakhale kungoikambirana.

Ine anthu a mpingo ndimawamvetsa, amakhulupiriradi zimenezo. Chomwe chimandiwawa nchakuti kafukufuku wa College of Medicine ndi bungwe la ku America la Guttmacher anapeza kuti mu 2015 mokha mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa mdziko muno, lamulo lili pomwepo, ndiye wandalama amapeza kothawira mwakachetechete pomwe mtsikana wa fomu 2 kumudzi akulowetsa kamtengo ka chinangwa, kapena kumwa Surf ndi zitsamba zowawa, kenako magazi osasiya, akubisa nsanza kuopa amayi ake mpaka thupi litatentha, pofika kuchipatala chiberekero chaola.

Ndiye imvani ichi, ambiri sadziwa. Chithandizo cha munthu amene wapita padera kapena mimba yachoka, kaya yachoka bwanji, nchololedwa ndipo muzipatala za boma nchaulere. Mukaona magazi ambiri, fungo, kutentha thupi, musadikire kuti kuche, pezani kabaza mumutengere kuchipatala usiku womwewo.